Ulendo Wokafuna a Bulazala Chingwe ku Loubressac

Tinanyamuka ku Hamilton, ku Canada, Loweruka masana, mwezi wa Juni, pakati pa zaka zija za m'ma 1970, utsi wa mafakitale a zitsulo uli tolotolo kumbali ya nyanja monga mwa masiku onse. Ine ndinali namwino pa chipatala china mumzindamo, ndipo amuna anga, bambo a Tiyamike, anali pafupi kumaliza maphunziro awo a Chifalansa pa yunivesite. Mwana wathu tinali titakamusiya dzulo lake ku Scarborough, kwa banja lina la kwathu. Pomutsanzika ndinati, "Tsala bwino, mayi wanga, uzimvera." Iye anandiyankha m'Chingerezi, maso ali pa kanema, kuti ndisaiwale kumubweretsera chidole.

Ulendo unali umodzi koma zolinga ziwiri. Bambo a Tiya anali ataphunzira Chifalansa zaka khumi osapondako ku Falansa, ndipo zinkawachititsa manyazi. Ine ndinali ndi kalata ya bambo anga m'chikwama. Bambo angawo, a Petulo, anali mmisiri womanga nyumba pa mishoni ya kwathu ku Dedza. Amene anawaphunzitsa ntchitoyi anali Mzungu wa ku Falansa, a Bulazala Anatole, omwe anthu anawatcha a Chingwe chifukwa sankalola njerwa ndi imodzi yomwe kukhazikidwa popanda kukoka chingwe. Anakhala kwathu zaka zoposa makumi atatu, nabwerera kwawo akudwala ine ndili kamtsikana. Poyamba ankalemberana ndi bambo, kenaka makalata analeka. "Popeza uli kale kwa Azungu," anatero bambo m'kalata muja, "udzadutseko kumudzi kwawo ukaone ngati ali moyo." Kwa iwo Canada ndi Falansa zinali ngati Dedza ndi Ntcheu.

Basi inatitula pa bwalo la ndege la ku Malton cha m'ma 4 koloko. Za m'ndege ndilibe zambiri zonena, poti ndinagona, ndipo pamene ndinkadzidzimuka tinali ku Paris, Lamulungu m'mawa. Mzinda wotchukawo ndinangouonera pa zenera la takisi. Pofika 10 koloko tinali m'sitima yolowera kummwera, titagula buledi wautali ngati mkono wa munthu, wouma kunja koma wofewa m'kati, ataikamo nyama yopyapyala. Ulendo wa sitimayo unali wa maola asanu kapena kuposerapo. Ku Brive tinatsika n'kukwera ina yaing'ono, ya mabogi awiri okha, yomwe inkaima paliponse pamene pali munthu ndi dengu. Tinafika pa tauni ya Gramat dzuwa likadali m'mwamba ngakhale nthawi inali itapita, ndipo tinagona pa kahotela kena pafupi ndi msika.

Lolemba m'mawa tinamva kuti basi yopita ku Loubressac, komwe ndi kumudzi kwa a Bulazala, kulibe. Takisi inkafuna mafalanki makumi anayi. Mwini hotela anapukusa mutu, natiitanira munthu wina wonenepa amene ankapereka mabotolo a gasi m'midzi, nati tikwere naye. Bambo a Tiya anakonza tayi, namulonjera munthuyo ndi Chifalansa chosalala cha m'kalasi. Iye anayankha motalika, manja onse awiri akugwira ntchito, chiwongolero atachisiya. Ndinaona amuna anga akungogwedeza mutu.

"Akuti chiyani, bambo a Tiya?"

"Dikirani kaye, mayi a Tiya."

"Simukumva eti?"

"Ndikumva. Koma munthu uyu akulankhula ngati Msena wa ku Nsanje akulankhula ndi Mchewa wa ku Kasungu. Mawu ena ndikuwadziwa, koma akudutsa mothamanga."

Kunapezeka kuti anthu a kumeneko ali ndi chinenero chawo cha makolo, ndipo Chifalansa amachilankhula mochikoka ndi m'mphuno. Patapita theka la ola khutu la bambo a Tiya linatseguka, ndipo awiriwo anayamba kugwirizana zoti boma lililonse padziko limaiwala misewu ya kumudzi.

Ine maso anali panja. Dziko la kumeneko ndi la miyala yokhayokha, yoyera ngati mafupa, ndipo munthu ungadabwe kuti anthu amalima pati. Koma miyala yomweyo anaitola m'minda n'kuisanja m'malire, khoma lofika m'chiuno, loyenda mitunda ndi mitunda popanda simenti kapena dothi. Mwala uliwonse ukugwira unzake. M'kati mwa makomawo munali nkhosa zoyera zokhala ndi mabala akuda kuzungulira maso, ngati zavala mandala. Zinkatiyang'ana ngati aphunzitsi aakulu amene tawasokoneza pa msonkhano.

Cha m'ma 10 tinakhota pa gulaye, ndipo woyendetsa uja analoza ndi chibwano. Mudzi unali pamwamba penipeni pa phiri, nyumba zitathithikana ngati anapiye pa mvula, madenga ofiirira osongoka, nsanja ya tchalitchi pakati, ndipo kumapeto, pamene phiri lathera pa phompho, nyumba yaikulu ya mafumu akale. Woyendetsayo ndalama yathu anaikana. Anangogwira bambo a Tiya paphewa, nanena kuti Chifalansa chawo ndi chabwino kuposa cha nduna.

Tinasiya katundu pa nyumba ya alendo ya zipinda zinayi, n'kuyamba kuzungulira. Mudziwo ungaumalize m'mphindi makumi awiri, koma ife unatitengera maola awiri. Tinalowera pa chipata chakale cha mwala, chopindika pamwamba, chomwe akuti kale ankachitseka adani akamabwera. Tinjira ta m'kati n'topapatiza moti ndikatambasula manja ndinkatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Nyumba zina akuti zakhala zaka mazana asanu, koma m'mazenera muli makatani, pakhomo pali mphaka, m'mbiya zakale adzalamo maluwa ofiira. Zambiri zili ndi kansanja kake kakang'ono pambali, komwe ndi khola la nkhunda. Masitepe a pa makomo anadyeka pakati ndi mapazi a anthu mpaka kukhala ngati mphero. Ndinaima pa khoma lina n'kuyendetsa dzanja pa ngodya yake. Inali yowongoka ngati anaimanga dzulo. Ndinakumbuka bambo akugwetsa khoma la tsiku lathunthu la mnyamata wawo wina chifukwa linapendama ndi chala chimodzi, ndipo ndinadziwa kumene nkhanza imeneyo inachokera.

Kuseri kwa tchalitchi kuli malo oonera kutali. Pansi pake pali chigwa chachikulu, mtsinje ukung'anima, mitengo ya mtedza wa kumeneko, wobala m'mwamba, ili m'mizere, ndipo pa phiri lina kutsidya pali linga lofiira. Bambo a Tiya anati, "Tsono tikafunse za a Bulazala."

"Tiyambe taona manda," ndinatero.

Anandiyang'ana koma sananditsutse. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Bola ndiwerenge ndekha dzinalo pa mwala kusiyana ndi kuuzidwa ndi munthu pamsewu. Tinayenda mzere ndi mzere. A mtundu wawo analimo ambiri, ena a zaka zakale kwambiri, koma Anatole munalibe. Tinatuluka m'mandamo.

Belu la 12 litalira mudzi wonse unatseka zitseko, poti kumeneko nthawi ya chakudya ndi lamulo. Pa nyumba ya alendo anatipatsa supu wa masamba ndi buledi, kenaka nyama ya bakha yosungidwa m'mafuta ake, yofewa moti inkachoka yokha pa fupa, ndi titchizi ta mkaka wa mbuzi tozungulira ngati zitumbuwa. Supu atatsala pang'ono m'mbale, mwini nyumba anabwera ndi botolo, nathiramo vinyo, natisonyeza kuti tinyamule mbale ndi manja awiri n'kumwa. Tsono bambo a Tiya ndi Mpulesibateriya wa ku Nkhoma, mowa sanaulawepo. Anayang'ana mbale, nayang'ana ine.

"Uwu ndi mowa kapena supu?"

"Uli m'mbale," ndinatero. "Mowa umakhala m'botolo."

Anamwa, napukuta pakamwa, nati nkhaniyi ithere pomwepa. Ndi mwini nyumba yemweyo amene tinamufunsa za a Bulazala. Anati ali moyo, akukhala ndi mwana wa mlongo wawo, mayi Odile, pa nyumba ya mazenera obiriwira pafupi ndi chitsime. Kenaka anadzigogoda pamutu ndi chala, nati, "Koma musayembekezere zambiri. Mutu unapita."

Cha m'ma 2 tinagogoda. Anatsegula mayi wa zaka ngati makumi asanu, wamfupi, manja ofiira ndi ntchito. Bambo a Tiya atafotokoza kumene tachokera, mayiyo anatilowetsa. Anati amalume awo anagwa ndi sitiroko zaka ziwiri zapitazo. Mbali ya kumanja inafa, ndipo Chifalansa chinawathawa. Amalankhula ndithu, tsiku lonse, koma palibe amene amamva. Dokotala anati mwina ndi chinenero cha ku Afirika, mwina ndi kubwebweta chabe, ndipo m'dera lonselo munalibe woti n'kusiyanitsa.

Anali atakhala pa mpando pafupi ndi zenera, bulangeti m'miyendo, nkhalamba yowonda ya ndevu zoyera. Manja okha ndiwo anali aakulu, zala zokhuthala za munthu wogwira miyala. Ndinagwada monga timachitira kwathu, ndinaomba m'manja pang'ono, ndinati, "Odi, a Bulazala. Moni."

Mutu unatembenuka pang'onopang'ono. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Lowani," anatero. Mawu ankatuluka mbali imodzi ya pakamwa, koma anali omveka. "Mwana wa yani iwe?"

"Wa a Petulo, mmisiri wanu wa ku mishoni."

"Petulo. Wamanzere uja?"

"Yemweyo."

"Waulesi pa matope, koma diso labwino." Anaseka, phewa limodzi likugwedezeka, misozi ikutsikira m'ndevu. "Ali moyo?"

"Ali moyo. Andituma kuti ndidzakuoneni. Akuti ndikuuzeni kuti tchalitchi chija chili chilili, palibe pong'ambika. Akutinso anyamata amene iwo aphunzitsa ndi amene akumanga likulu latsopano ku Lilongwe."

"Ku Lilongwe? Pa fumbi paja?" Kenaka anafunsa, nkhope ili gwa, "Chingwe akukoka?"

Kumbuyo kwanga ndinamva mpando ukukokedwa. Mayi Odile anali atakhala pansi, apuloni pakamwa. Anagwira mkono wa bambo a Tiya n'kumafunsa mobwerezabwereza. Amuna anga anati, "Akufunsa ngati zimene akunenazi zili ndi mutu." Ndinati awauze kuti ndi Chinyanja choyera, chakale, chonga cha agogo athu, ndipo kuti mutu wa amalume awo uli bwino kuposa wanga.

Zitatero mayi aja anayamba kutulutsa mawu amene anawasunga pamtima kwa zaka ziwiri, akuwatchula mokhotakhota kuti ndiwamasulire. Loyamba linali la m'mawa uliwonse. Akamawaveka nsapato, nkhalamba imakuwa kuti, "Zapana! Zapana!" M'chinenero cha kumudziko liwu la buledi limamveka ngati pan, choncho iwo ankathamangira kukadula buledi, ndipo amalume ankamuponya pansi. Unamwino unandigwira. Ndinapempha kuti ndivule nsapato ya kumanja. Phazi lakufalo linali lotupa, ndipo pa chala chaching'ono panali chilonda chimene chinayamba kulowa m'kati. Ndinachitsuka ndi madzi a mchere n'kuchimanga, ndipo ndinanena kuti dokotala achione sabata yomweyo. Bambo Fernand, amuna a mayi Odile, atabwera kuchokera kumunda anatenga mpeni n'kung'amba nsapatoyo kutsogolo.

"Ha!" anatero a Bulazala chala chitapuma. "Zaka ziwiri ndikudya buledi chifukwa cha nsapato."

Liwu lachiwiri linali lakuti, "Kwa Amayi." Ankalinena madzulo, akuloza kumadzulo. Mayi Odile ankaganiza kuti akuitana akufa. Nditafunsa, a Bulazala anafotokoza modukizadukiza. Mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pamudzipo kuli malo oyera otchedwa Rocamadour, kumene Akhristu akhala akupita kukapemphera kwa Amayi Maria kuyambira kalekale. Asananyamuke ulendo wa ku Nyasaland ali mnyamata, mayi awo anapita nawo kumeneko wapansi, ndipo iwo analonjeza kuti akadzabwerako ndi moyo adzapitanso kukathokoza. Atabwerako ankangoti mawa, mawa, kenaka anagwa. Bambo Fernand atamva anavula chipewa, nakanda mutu, nati udzu wa ziweto ungadikire tsiku limodzi.

Lachiwiri tinanyamuka 8 koloko pa kagalimoto ka bambo Fernand konyamulira nkhosa, kamalata ngati nkhokwe. A Bulazala anakhala kutsogolo atawatchinjiriza ndi mapilo. Ife awiri ndi mayi Odile tinakhala kumbuyo pa matumba, pamodzi ndi mpando wa kukhitchini ndi dengu la kamba. Njira yonse nkhalamba inkapereka ndemanga pa makoma a m'mbali mwa msewu, ine n'kumamasulira kwa bambo a Tiya, iwo n'kumapereka kwa eni dziko. "Ili analimanga munthu. Ili analimanga mlamu wa munthu."

Tinaima kaye pa katchalitchi kakang'ono pamwamba pa chigwa, pamene akuti kale panali chipatala cha apaulendo, amene ankafika mapazi atatupa atayenda miyezi. Kuchokera pamenepo ndi pamene munthu amaona Rocamadour koyamba. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Taganizani phompho lalitali, thanthwe loima chilili ngati khoma, ndipo anthu anasankha kumanga mudzi pa khoma limenelo. Pansi pali msewu umodzi wa nyumba. Pakati pa thanthwe, pamene pangamange zisa akabawi okha, pali matchalitchi atakanirira ngati zisa za anamzeze. Pamwamba penipeni pali linga, likusuzumira pansi. Sungadziwe pamene thanthwe lathera ndi pamene mmisiri wayambira.

"Mayi a Tiya," anatero amuna anga motsitsa mawu, "anthu amenewa analibe malo ena?"

A Bulazala anamva. "Malo analipo," anatero. "Koma pa chigwa aliyense amanga."

Galimoto tinaisiya kunja kwa chipata cha kumunsi. Mumsewumo munali anthu ambiri, masitolo a makandulo, makorona ndi zithunzi, mpaka ndinakumbuka za ogulitsa a m'kachisi. Koma titafika pa masitepe phokoso linachepa lokha. Ndi masitepe a mwala oposa mazana awiri, otambalala, okwera molunjika mpaka ku matchalitchi. Mayi wina wokalamba wovala zakuda ankakwera chogwada, sitepe iliyonse pemphero limodzi, nsapato zili m'manja.

Tinakhazika a Bulazala pa mpando uja n'kuwamanga ndi nsalu yanga m'chiuno. Bambo Fernand anagwira kumanja, bambo a Tiya kumanzere. Atakwera masitepe makumi atatu, amuna anga, munthu wa mabuku, anali thukuta kamukamu, tayi ili paphewa. Anatula mpando. Tinayang'ana m'mwamba, masitepe osaoneka kothera. Ndinayamba kuganiza kuti talonjeza nkhalamba chinthu chimene sitingathe.

Pamenepo amuna awiri amene ankabwera kumbuyo kwathu anaima. Anali akuluakulu, nkhope zopsa ndi mphepo, mikono ngati mitanda. Sanafunse zambiri. Wina anagwira miyendo ya kutsogolo ya mpando, wina ya kumbuyo, ndipo a Bulazala anakwera m'mwamba ngati thumba la thonje. Bambo a Tiya, akupuma wefuwefu pambuyo, anafunsa kumene achokera. Anali asodzi a kunyanja yaikulu, kumpoto. Amabwera chaka chilichonse chifukwa chombo chawo chinapulumuka pa namondwe.

Ali m'mwambamo a Bulazala anandiitana. "Mwana wa Petulo!"

"Wawa."

"Zaka makumi atatu ku Nyasaland ndinakana machila. Ndinati munthu asanyamule munthu mnzake. Lero taona."

Pamwamba pali bwalo laling'ono lozunguliridwa ndi matchalitchi angapo, thanthwe litaweramira pamutu ngati denga. Tinalowa m'katchalitchi kamene anthu onse amadzera. Munali mdima ndi fungo la makandulo, khoma limodzi ndi thanthwe lenilenilo, lakuda ndi utsi wa zaka mazana. Kudenga kunapachikidwa tizombo tating'ono tosema, mphatso za asodzi, ndi belu lakale lopanda chingwe lomwe amati linkalira lokha munthu akapulumuka panyanja. Maso atazolowera ndinawaona Amayi aja pamwamba pa guwa.

Ine ndinakula ndi chifanizo cha Maria woyera ngati ufa, wovala zabuluu, wa masaya ofiira. Awa anali akuda bii. Chifanizo chaching'ono cha mtengo, chosafika m'chiuno mwa munthu, chowonda, chokhala chowongoka, maso otsinzina pang'ono, mwana ali pa bondo lamanzere. Ankaoneka ngati amayi amene ndinkawaona pa benchi la kusikelo ya ana kwathu, amene ayenda kuyambira mbandakucha ndipo adikira mpaka aitanidwe. Ena amati ndi utsi unawadetsa, ena amati ndi mtengo wake. Ine sindinafunse. Ndinangogwada.

Asodzi aja anatula mpando kutsogolo penipeni, anthu n'kupatuka. A Bulazala anayamba pemphero la Tikuoneni Maria m'Chinyanja, osaphonya liwu, ine n'kulowa. Mayi Odile anazindikira kayendedwe kake, nayamba lawo m'Chifalansa, ndipo tinafika pa ameni nthawi imodzi. Kenaka nkhalamba inati, "Ndabwera. Ndachedwa, koma ndabwera. Zikomo." Nditacheuka ndinaona bambo a Tiya ataima pakhomo, chipewa m'manja. Kugwada sanagwade, koma pamene tinkatuluka anapempha mayi Odile kuti awasonyeze pogula kandulo, nandipatsa ine kuti ndiyatse, ati poti iwo sadziwa mayatsidwe ake.

Tinadya kamba wathu pamthunzi kumunsi: buledi, mazira owiritsa, tchizi ndi mapichesi. Asodzi anakana kudya nafe, ati basi yawo ikunyamuka. Pobwerera a Bulazala anagona njira yonse, pakamwa pali pululu.

Lachitatu sitinapite kulikonse, ngakhale tinali titakonza zokaona phanga lina lotchuka la m'deralo. Tinakhala pa tebulo la kukhitchini ndi kope la sukulu. Mayi Odile ankatchula chimene amafuna kudziwa, ine n'kunena liwu lake, bambo a Tiya n'kulemba mbali iyi Chinyanja, mbali iyo Chifalansa, ndi katchulidwe kake. Madzi. Ludzu. Kuzizira. Pakupweteka. Tsegula zenera. Ndatopa. Basi. A Bulazala anali woyang'anira, ndipo ankadzudzula ngati ali pa ntchito yomanga. Anatsutsa ngakhale ine, ati Chinyanja changa chalowa madzi.

Titadzaza masamba asanu ndi limodzi, mayi Odile anatchula mawu ena otsiriza. Anati amalume amawanena nthawi zonse akamaliza kuwasambitsa ndi kuwafunditsa, ndipo iwo ankayesa kuti akudandaula, mwina madzi azizira, mwina awagwira mwankhanza. Masiku ena ankatuluka m'chipindamo akulira. Anawatchula mosamala: "Zi-ko-mo, mwa-na-we."

Bambo a Tiya anaika cholembera pansi, nawamasulira. Mayi aja anadzuka, napita pazenera pamene panali amalume awo, nawagwira mutu ndi manja awiri n'kuupsompsona pa dazi. Ife tinatuluka kukaona nkhunda.

Lachinayi m'mawa bambo Fernand anatiperekeza ku siteshoni. Ndisanakwere ndinakagwada kutsanzika. A Bulazala anandipatsa uthenga wa bambo, wautali, wokhudza matope, njereza ndi anthu ambiri amene anamwalira kale, ndipo ndinaulemba wonse. Pomaliza anandiika dzanja lamanzere pamutu. Mayi Odile anaima pakhomo, kope m'manja, nayang'anamo kaye, kenaka anakuwa mudzi wonse n'kumva, "Pi-ta-ni bwi-no!" M'nyumba munamveka mawu a nkhalamba: "Eya. Wakhoza."

Masiku atatu otsala tinakhala ku Paris, kumene bambo a Tiya anamva Chifalansa cha m'mabuku mpaka kukhuta, ine n'kutupa mapazi. Tinatera ku Malton Lolemba masana, tinakatenga mwana ku Scarborough, n'kubwerera ku Hamilton pa sitima. Kalata ya ku Dedza ndinailemba sabata yomweyo, masamba khumi. Mng'ono wanga anandiuza pambuyo pake kuti bambo anaiwerengetsa katatu, ndipo pa mawu akuti waulesi pa matope anaseka mpaka kutsokomola. A Bulazala anakhalanso ndi moyo chaka ndi miyezi ingapo. Mayi Odile analemba kuti chilonda chinapola, ndipo kuti kopelo linatha ndi kugwiridwa.

Ndinapita kukaona miyala yakale, ndipo ndinaionadi, yokongola kuposa mmene ndingafotokozere. Koma chimene ndinabwera nacho chinali manyazi pang'ono. Ndinali nditagwira unamwino zaka zambiri, ndipo sindinadzifunsepo kuti mwa odwala amene timawalemba kuti asokonezeka mutu, ndi angati amene amangosowa wowamva.

Tsiku loyamba kubwerera ku ntchito, pa bedi la pakona panali bambo wina wokalamba, wopuma ntchito ku fakitale ya zitsulo, wochokera kummawa kwa Ulaya. Anzanga anati masiku anayi onse akungobwebweta, akukana kudya, akufuna kutsika pabedi, ndipo ankaganiza zomumanga manja. Ndinapempha kuti adikire. Pa nthawi yopuma ndinatsikira kochapira zovala, kumene kunkagwira ntchito amayi a mitundu yonse, n'kufunsa mpaka ndinapeza mmodzi wa kwawo kwa bamboyo. Anakwera nane, manja akadali onyowa, nawerama pa bedi. Anamvetsera pang'ono, nayankha, ndipo nkhalamba ija inamugwira dzanja zolimba.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti anamutenga mwadzidzidzi, ndipo galu wake anamutsekera m'chipinda cha pansi pa nyumba. Akufunsa ngati alipo wamutsegulira."

Tinaimbira foni munthu woyandikana naye nyumba. Galu anamupeza ali moyo, atamwa madzi a m'ndowa. Nditamuuza kudzera mwa mayi uja, bamboyo anatsamira pilo, natseka maso kanthawi, kenaka analoza mbale ya phala imene inali itazizira patebulo.